Si mkwingwirima uliwonse wa mwana umene umabwera chifukwa cha masewera

Anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito m'zipatala, amakhulupirira kuti mwana ndi mwana basi, sangalephere kukhala ndi mikwingwirima. Zimenezi n'zoona kwa mwana woyenda, amene amadzigunda pachipumi, m'mawondo ndi m'miyendo. Koma khanda losakwawa lingadzivulaze bwanji? Mkwingwirima pa khanda lotere umafuna kufufuzidwa, chifukwa ungakhale chizindikiro cha nkhanza.

Malo ake amanenanso zambiri. Madokotala a ku America anakonza njira yotchedwa TEN-4: mwana wosapitirira zaka 4 akakhala ndi mkwingwirima pachifuwa, pamimba, kumsana, pakhutu kapena pakhosi, namwino ayenera kuganizira za nkhanza. Enanso amati mtundu wa mkwingwirima, monga kufiira kapena kuda kwake, umasonyeza tsiku limene mwana anavulala, koma kafukufuku anapeza kuti zimenezi n'zosadalirika.

N'chifukwa chake maphunziro a pa intaneti a anamwino olandira odwala mwadzidzidzi amatsindika kufunsa: kodi zimene kholo likunena zikugwirizana ndi bala komanso msinkhu wa mwanayo? Nanga anachedweranji kubwera naye? Ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, kafukufuku wa mu 2011 anasonyeza kuti anamwino amene anaphunzira motere ankafunsa mafunso oyenera kuposa anzawo. Ntchito yawo si kuweruza kholo ayi, koma kulemba zimene aona ndi kudziwitsa dokotala.