Galimoto zolankhulana ndi maloboti ku America: lamulo likuti chiyani?

Kodi galimoto ingalankhulane bwanji ndi msewu?

M'galimoto mumakhala kachipangizo kotumiza ndi kulandira mauthenga pa mafunde a wailesi, kanzake kamamangidwa pa maloboti kapena pa mapolo a m'mbali mwa msewu. Kakhumi pa sekondi iliyonse galimoto imalengeza pomwe ili, liwiro lake, komwe yalunjika, ndiponso ngati dalaivala waponda buleki. Loboti nayo imanena nthawi yomwe isinthe. Uthenga umafika mamita pafupifupi 300, ngakhale kuseri kwa lole komwe diso silifika. Wina akaima mwadzidzidzi kutsogoloko, inu mumachenjezedwa musanaone nyali zake zofiira. Lusoli amalitcha V2X.

Nanga lamulo lake lidayenda bwanji?

Mu 1999 bungwe la FCC, loyang'anira mafunde a wailesi ku America, lidapatula gawo la mafundewo, 75 MHz pa 5.9 GHz, kuti likhale la zapamsewu, m'njira yotchedwa DSRC. Munda udaperekedwa, koma olima adasowa. Kampani ya Cadillac idaika lusoli m'galimoto yake ya CTS ya 2017. Toyota idalonjeza mu 2018 kuti iliikanso m'galimoto zake, chaka chotsatira nkusintha maganizo. Mu November 2020 FCC idatengapo 45 MHz nkupereka ku Wi-Fi, ndipo 30 MHz yotsalayo idapita ku C-V2X, njira yobadwa ku luso la mafoni a m'manja. Malamulo omaliza adatuluka mu November 2024, ndipo ogwiritsa ntchito DSRC adapatsidwa zaka ziwiri zoti asamuke.

Mwini galimoto akukakamizidwa kukhala ndi kachipangizoka?

Ayi. Bungwe la NHTSA, loona za chitetezo cha pamsewu ku America, lidapereka ganizo mu 2016 loti galimoto zing'onozing'ono zatsopano zonse zizikhala nako, koma mu 2023 lidachotsa ganizolo. Kwa ine, apa mpamene pagona vuto: opanga galimoto akudikira kuti misewu iyambe, eni misewu akudikira galimoto.

Pamafunika bando ya intaneti?

Pa machenjezo angozi ayi, zipangizo zimamvana zokha popanda kudzera pa nsanja ya foni.

Sangamandilondole nako?

Uthengawo sunyamula dzina lanu kapena nambala ya galimoto, ndipo chizindikiro chake chimasinthasintha pakangopita mphindi zochepa.

Galimoto zomwe timagula ku Japan bwanji?

Kumeneko ali ndi njira yawoyawo, ITS Connect, ya pa 760 MHz, yomwe Toyota idayamba kuika m'galimoto zina mu 2015. Simvana ndi ya ku America. Yotereyi ikafika ku Lilongwe kapena ku Chipata, kachipangizoko kamafunikabe loboti kapena galimoto ina yomva chilankhulo chomwecho.