Mmene Anthu Anaphunzirira Kumvetsera Nthaka Pofuna Mafuta

Pamene Edwin Drake ankaboola chitsime chake cha mafuta ku Titusville, ku Pennsylvania m'dziko la America, mu 1859, nzeru yake inali imodzi yokha: kuboola pafupi ndi pomwe mafuta ankatumphuka okha. Anawapeza atangofika mamita 21. Ambiri amene anamutsatira ankangoyendera mwayi, ena mpaka kukhulupirira maloto ndi timitengo tolosera.

Sayansi inalowerera kudzera pa chinthu chimene ngakhale mwana amachidziwa, chakuti mafuta amayandama pamadzi. Thomas Sterry Hunt mu 1861, kenako Israel C. White mu 1885, anafotokoza kuti pomwe miyala ya pansi yapindika n'kutumbika ngati chulu, gasi amakwera pamwamba penipeni, mafuta n'kukhala pansi pake, madzi pansi pa zonse, thanthwe lolimba litavindikira. Tsono m'zigwa zathyathyathya za ku Texas, chulu chokwiririka chotere ungachione bwanji?

Apa ndi pomwe mbiriyi imandigwira mtima, chifukwa maso atalephera, anthu anatchera khutu. Ludger Mintrop wa ku Germany, yemwe pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse ankafufuza pobisala mizinga ya adani poyeza kunjenjemera kwa nthaka, anabwera nayo nzeruyo pa mafuta. Anthu ake ankaphulitsa bomba pansi, n'kuyeza nthawi imene kunjenjemerako kutenge kuti kufike pa zida zimene atchera kutali. Mu mchere wokwiririka pansi pa nthaka kumathamanga kwambiri kuposa m'miyala yozungulira, ndipo milu ya mchere ndiyo imatsekereza mafuta m'mbali mwake. Mu 1924 anapeza mulu wotere ku Orchard, ku Texas komweko. J. Clarence Karcher anali atayesa kale njira ina ku Oklahoma mu 1921, yomvetsera phokoso likamanjanja pathanthwe n'kubwerera kumtunda, ndipo njira yakeyo ndi imene yakhazikika mpaka lero.

Mu 1927, anthu a Conrad ndi Marcel Schlumberger anatsitsa chingwe cha magetsi m'chitsime ku Pechelbronn, ku France. Madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta, mafuta ayi, choncho chitsime chinayamba kudziulula chokha.

Komabe zidazi zimaonetsa bwino maonekedwe a miyala kusiyana ndi zimene zili m'kati mwake. Mu 1983, makampani anawononga madola oposa 1 biliyoni pa Mukluk, m'nyanja ya kumpoto kwa Alaska, pomwe zithunzi zinkaonetsa msampha waukulu wa mafuta. Ataboola anangopeza madzi amchere ndi miyala yothimbirira mafuta, mafutawo atathawamo kalekale.