Mizere yodukaduka ya ku Paris

Mu 2007 laibulale ya pa intaneti ya IMSLP, yomwe imagawa manotsi a nyimbo zakale kwaulere, inatsekedwa kwa miyezi ingapo kampani ya Universal Edition ya ku Vienna itailembera kalata yoiletsa. Mkangano wa eni nyimbo ndi ofuna kuzipeza mosavuta ukadalipo mpaka lero. Choseketsa n'chakuti laibulaleyi imadziwikanso ndi dzina la Petrucci, wosindikiza nyimbo wakale wa ku Italy amene iye mwini anapempha boma la Venice kuti wina aliyense asasindikize nawo.

Kale, wofuna nyimbo yolembedwa ankafunika mlembi, chikopa kapena pepala, ndi ndalama zambiri. N'chifukwa chake mabuku otere ankapezeka m'matchalitchi akuluakulu ndi kunyumba za mafumu. Makina osindikizira mabuku a Gutenberg atabwera, manotsi anavutabe. M'buku la Masalimo la ku Mainz la 1457, mawu anasindikizidwa koma nyimbo zake ankazilemba pamanja.

Ottaviano Petrucci anapatsidwa chilolezo chosindikiza nyimbo yekha kwa zaka 20 ku Venice mu 1498, ndipo mu 1501 anatulutsa Odhecaton, buku la nyimbo 96 zoimbidwa m'magawo angapo nthawi imodzi. Pepala lililonse linkalowa m'makina katatu: mizere yomwe manotsi amakhalapo payokha, manotsi pawokha, mawu pawokha. Likangosuntha pang'ono, noti inkagwera pamzere wolakwika, pepala lonse n'kutayidwa. Ntchito yake inali yokongola kwambiri, palibe wotsutsa. Koma yokongola motero siikanatsika mtengo.

Kwa ine, zinthu zinasinthadi ku Paris mu 1528. Pierre Attaingnant anaumba kachitsulo kalikonse kali ndi noti yake pamodzi ndi kachidutswa ka mizere isanu. Ankandandalika tizitsulo timeneti, n'kusindikiza kamodzi basi. Mizere inkaoneka yodukaduka pamene tizitsulo takumana, moti poyerekeza ndi za Petrucci zinali zonyozeka m'maso. Woimba alibe nazo ntchito zimenezo. Mabuku ake anali ang'onoang'ono, aliyense lake malinga ndi mawu amene akuimba, ndipo wamalonda wamba ankatha kugula n'kumaimba ndi banja lake kunyumba.

Akatswiri a mbiri amanena kuti John Rastell wa ku London anayesa njira imeneyi Attaingnant asanatero. Umboni wake ulipo, koma ndi zidutswa zochepa zopanda chaka, choncho amangoyerekeza kuti ndi za m'ma 1520. Ngakhale titamupatsa Rastell ulemu woyamba, amene anaisandutsa malonda enieni ndi Attaingnant, mpaka Mfumu Francis I inamusankha kukhala wosindikiza nyimbo wake. Nayenso, tinene zoona, anali ndi chilolezo chotsekereza anzake.

Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1530, ku Venice komweko Antonio Gardano ndi banja la Scotto anali atayamba kusindikiza nyimbo mwa njira ya Attaingnant. Petrucci anali atasiya kalekale kusindikiza nyimbo ku Venice; pofika 1511 ankasindikizira kwawo ku Fossombrone.