Musamugulire mwana tabuleti poyang'ana kava

Sabata silitha osabwera kholo litanyamula tabuleti yowala mitundu, ya kava yokhuthala yokhala ndi timakutu ta mphaka pamwamba, n'kunena mawu omwewo amene ananena wa dzulo: "Sinathe ndi miyezi inayi yomwe, koma yayamba kuimaima." Ndikafunsa kuti ndi ya kampani yanji, amaitembenuza uku ndi uku, n'kupeza kuti dzina palibe. Pabokosi pangolembedwa kuti ndi ya ana, ndi chithunzi cha kamwana kakumwetulira. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi matabuleti, ndipo nkhani imeneyi ndaikamba pakamwa mpaka kukhosi kuuma. Lero ndaona kuti ndingoilemba.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kava ija imene imakukokani maso imagulidwa payokha, ndipo mukhoza kuiveka tabuleti ina iliyonse yofanana nayo kukula. Chimene mukulipirira ndalama ndi zam'kati, ndipo matabuleti ambiri opanda dzina zam'kati mwake ndi zotsalira za zaka zapitazo. Pabokosi amalemba manambala akuluakulu, 8GB ya RAM (memori yoyendetsera mapulogalamu), 256GB yosungiramo zinthu, ndipo mukalowa mu Settings mupezanso manambala omwewo, chifukwa pulogalamu yake anaikonza kuti izinama. Ndatsegulapo angapo otere n'kupeza kuti memori yeniyeni ndi kachigawo chabe ka zimene zalembedwa. Mwana akaikamo magemu atatu ndi mavidiyo awiri, yadzaza.

Za kukula kwa sikirini ndi mphamvu ya kamera sinditayapo nthawi, mainchesi 8 mpaka 10 amakwanira, ndipo mwana safuna kamera yojambulira ukwati. Pa RAM yesetsani 4GB yeniyeni. Ya 2GB imayenda ndi Android Go, mtundu wopepukitsidwa wa Android, ndipo imayenda mokokakoka. Posungira zinthu, 64GB ndi poyambira pabwino, popeza gawo lina limadyedwa kale ndi pulogalamu yoyendetsera tabuletiyo musanaikemo kalikonse.

Koma funso limene palibe amene amafunsa ndi ili: anaipanga ndani, ndipo apitiriza kuitumizira ma update (zokonza pulogalamu yake ndi chitetezo chake) mpaka liti? Musanatulutse ndalama, muuzeni wogulitsa aiyatse. Tsegulani Play Store, lowani mu Settings yake, pitani pa About, muone pansi pamene palembedwa Play Protect certification, chitsimikizo cha Google. Pakapanda kunena kuti chipangizocho ndi chovomerezeka, ibwezeni pashelefu, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Kenako onani mu Settings ya tabuletiyo deti la security update yomaliza. Chinthu chatsopano m'bokosi chimene update yake yomaliza ndi ya zaka zitatu zapitazo ndi chinthu chimene wochipanga anachitaya kale.

Wina anena kuti mwana alibe ndalama kubanki, akuba amubera chiyani? Mu 2023 ofufuza za chitetezo cha pa intaneti anatulukira zipangizo zotchipa za Android zimene zinkachoka kufakitale zili kale ndi pulogalamu yoipa m'kati, imene anaitcha BadBox, ndipo mu June 2025 bungwe la FBI, lofufuza milandu ku America, linachenjeza anthu za mtundu wachiwiri wa vuto lomwelo. Zambiri mwa izo zinali zosavomerezeka ndi Play Protect. Chipangizo chotere chimalowa pa Wi-Fi yomweyo imene foni yanu ili, chimatsegula zotsatsa malonda chokha, ndipo anthu osawadziwa amadutsitsa zinthu zawo pa intaneti yanu. Kuchifufuta n'kuyambanso sikuthandiza, chifukwa matendawo anabadwa nacho.

Makampani odziwika nawonso ali ndi zawo zofunika kudziwa. Matabuleti a Amazon Fire a ana ndi olimba ndipo njira zawo zoyang'anirira mwana ndi zabwino, koma amayendera pulogalamu yawoyawo ya Fire OS ndipo sabwera ndi Play Store. Ngati kusukulu anena kuti mwana azigwiritsa ntchito pulogalamu inayake, fufuzani kaye ngati ikupezekamo. iPad imalandira ma update zaka zambiri, n'chifukwa chake ambiri amagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Palibe cholakwika, koma mwiniwake wakale achotsemo akaunti yake inu mukuona. Akapanda kutero imakiyika ndi Activation Lock, ndipo ine sindingakutsegulireni. Android nayo ili ndi loko wofanana. Amene akukulonjezani kuti "aiflasha" n'kutheka, kawirikawiri akubwezerani chinthu chosweka kuposa mmene munamupatsira.

Cholakwa china chimene chimandiwawa ndi cholola wogulitsa kuti "akuikireni zonse." Iye amalowetsa imelo yake kapena kupeka ina mwachangu, pasiwedi n'kuiwala tsiku lomwelo. Ena mumatsegulira mwana wa zaka 7 akaunti n'kulemba chaka chobadwa chabodza kuti ilole, osadziwa kuti mwauza Google ndi YouTube kuti ameneyu ndi munthu wamkulu, amuonetse zonse. M'mayiko ambiri msinkhu wokhala ndi akaunti yodziyendetsera wekha ndi zaka 13. Wocheperapo amatseguliridwa kudzera mu Family Link, pulogalamu ya Google yoyang'anirira ana, kapena Family Sharing ndi Screen Time ngati ndi iPad, ndipo inu pafoni yanu ndi amene mumavomereza pulogalamu iliyonse, kuika maola, ndi kuitseka usiku. Zimatenga mphindi zosakwana makumi atatu. Chitani mwanayo asanaigwire, chifukwa kumulanda ufulu umene waulawa kale ndi nkhondo ya misozi.

Ndipo ngati mwana wanu sanakwanitse zaka ziwiri, sindikugulitsani maganizo a tabuleti iliyonse. Malangizo a mu 2019 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati wosakwana zaka ziwiri asamakhalitsidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kucheperapo kuli bwino. Ine si dokotala, koma zimenezi n'zolembedwa poyera.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandibwererabe m'mutu.

Anabwera mayi ena ndi mnyamata wawo wa zaka 6, ndi tabuleti ya mtundu womwe ndafotokozawu. Dandaulo lawo linali lakuti sikirini yatukuka mbali imodzi, ndiye ndiwamatire. Nditavula kava ndinaona kuti kumbuyo kwatupa ngati kapilo. Ndinaiika pansi pang'onopang'ono, kutali ndi mwana uja.

"Mayi, zayamba liti izi?"

"Kaya, mwina mwezi ndi theka. Poyamba inangotukuka pang'ono. Tinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza, anaikanikiza n'kuimata ndi guluu. Ndiye yamatukanso."

"Nanga mumaitchaja kuti?"

Anayankha ndi mwana, monyadira: "Pabedi panga! Ndimaiika pansi pa pilo kuti isabedwe ndi achimwene."

Ndinakhala kaye chete. Batire la lithiamu likatupa ndiye kuti m'kati mwake mwayamba kuwonongeka ndipo mukutuluka mpweya umene wasowa kopita. Mpweya umenewo ndi umene umakankha sikirini. Kulikanikiza, kulipinda kapena kuliboola kukhoza kugundanitsa timapepala topyapyala tam'kati, ndipo zikatero limatentha lokha mofulumira, kutulutsa utsi woipa ndi moto wovuta kuzimitsa. Munthu wina, amene amadzitcha wokonza, anaona batire lotupa ndi maso ake, n'kulipanikiza ndi zala, n'kulitsekera ndi guluu, n'kulandira ndalama. Kenako chinthucho chinakagona masabata angapo pansi pa mutu wa mwana, chili pamagetsi, chitafunditsidwa pilo ndi kava yokhuthala imene simatulutsa kutentha.

Mayiwo sindinawakalipire. Iwo anachita chimene ankaona kuti n'choyenera, anapita nacho kwa wokonza. Mkwiyo wanga uli pa anzathu a ntchito ino amene anangophunzira kumasula tizomangira ndi kuthira guluu, n'kuyamba kulandira zinthu za anthu. Mmisiri weniweni akaona sikirini yotukuka, choyamba amaganiza za batire. Akakuuzani kuti "ndi guluu chabe wafooka" asanatsegule n'komwe, tengani katundu wanu muzipita. Chimodzimodzi amene akufuna kuikamo batire la chipangizo china n'kulumikiza mawaya ndi tepi, kapena amene amati aliboole pang'ono kuti mpweya utuluke. Inde, alipo amene amachita zimenezo, ndawaonapo zotsatira zake.

Kuchedwa ndi kumene kumapha pa nkhani imeneyi. Zizindikiro zake sizibisala: tabuleti ikayamba kugwedera mukaiika patebulo losalala, sikirini ikatukuka m'mphepete kapena kuoneka mawanga ngati yakanikizidwa kuchokera m'kati, ikamatentha kwambiri ili chikhalire, kapena ikamatulutsa fungo lotsekemera ngati la mankhwala. Vuto ndi lakuti kava ija yamakutu a mphaka imabisa zonsezi. Ivuleni kamodzi pamwezi muone. Mukapeza chimodzi mwa izi, izimitseni, musaitchajenso ngakhale mwana alire bwanji, iikeni pamalo olimba osayaka moto, kutali ndi nsalu ndi mapepala, ndipo pitani nayo kwa wodziwa ntchito tsiku lomwelo kapena mawa lake. Batire lochotsedwalo lisatayidwe m'zinyalala za pakhomo kapena pamoto.

Apa ndi pamene dzina la kampani limagwiranso ntchito. Batire la Samsung, Lenovo kapena iPad ndikhoza kuitanitsa lenileni la mtundu womwewo. La tabuleti yopanda dzina ndilipeza kuti? Ya mayi aja sindinapeze batire lake, ndipo ngakhale ndikanalipeza sindikanaliika, chifukwa polowetsera chaja panali patapsa kale, chaja yake inali yopepuka ngati mulibe kanthu m'kati. Ndinawauza kuti imeneyi yatha, asawonongenso ndalama.

Mnyamata uja analira kwambiri, ndipo anandiyang'ana ngati ndine wakuba. Mayi ake anabweranso patapita masabata awiri ndi tabuleti ina, yaing'ono, yosaoneka bwino kwenikweni koma ya dzina, kuti tiikire limodzi Family Link. Tinagwirizana kuti izitsekeka yokha nthawi yogona ndipo izitchajidwa pabalaza, patebulo, masana. Ali pakhomo potuluka anatembenuka n'kundiuza kuti atachotsa nsalu ya pilo uja kuti aichape, anapeza pansi pake pali banga lofiirira, lalikulu ngati chikhatho cha mwanayo.