Mphunzitsi wa occupational therapy sanathawe odwala

Ambiri amaganiza kuti katswiri wa occupational therapy (chithandizo chothandiza odwala kapena olumala kuti azitha kuchita okha ntchito za tsiku ndi tsiku) akayamba kuphunzitsa kuyunivesite ndi kuchita kafukufuku, ndiye kuti odwala wawataya. Si zoona ayi. Njira zothandizira munthu amene anadwala sitiroko kuti azithanso kuvala, kusamba ndi kuphika yekha zimayamba zayesedwa kaye ndi ofufuza. Mu 1980, ofufuza Gary Kielhofner ndi Janice Burke anatulutsa njira yotchedwa Model of Human Occupation, ndipo mpaka lero akatswiri m'mayiko ambiri amaigwiritsa ntchito pofuna kumvetsa zimene wodwala akufunadi kumachita pa moyo wake. Nawonso ophunzira samaliza sukulu asanagwire ntchito ndi odwala: bungwe la WFOT, loimira akatswiri a occupational therapy padziko lonse, limafuna maola osachepera 1,000, ndipo amene amawakonzekeretsa ndi aphunzitsi omwewa.