Khunyu ndi kuiwalaiwala: zofunika kudziwa odwala ndi owasamalira

Odwala khunyu ambiri amadandaula za kuiwala: dzina la munthu amene angoonana naye, pomwe aika ndalama, ngakhale zomwe adokotala anena m'mawa womwewo. Achibale ena amaganiza kuti nkusasamala chabe. Ayi, vutoli limachokera mu ubongo.

Mkatikati mwa ubongo, mbali zonse ziwiri cha m'makutu, muli kachiwalo kotchedwa hippocampus. Ntchito yake nkusunga zomwe zangochitika kumene kuti tidzazikumbukire mawa ndi mkuja. Mwa odwala ambiri, matendawa amayambira m'dera lomweli, ndipo kugwa pafupipafupi kumasokoneza ntchitoyi.

Madokotala anazindikira izi kudzera mwa odwala khunyu omwewo. Mu 1953, ku Hartford m'dziko la America, Dr William Scoville anachotsa gawo lalikulu la hippocampus mbali zonse ziwiri mu ubongo wa Henry Molaison, mnyamata wa zaka 27 yemwe mankhwala sankamuthandiza. Kugwa kunachepadi. Koma kuyambira pamenepo mpaka pomwe anamwalira mu 2008, zatsopano sizinkakhalitsa m'mutu mwake. Za paubwana ankazikumbukira. Chodabwitsa, katswiri wa za ubongo Brenda Milner atamuphunzitsa kujambula nyenyezi akuyang'ana pagalasi, dzanja linkazolowera tsiku ndi tsiku, mwini wake osakumbukira kuti anajambulapo. Apa mpamene zinadziwika kuti luso la manja limasungidwa kwina mu ubongo, osati mu hippocampus. Masiku ano opaleshoni yotere imachitika mbali imodzi yokha, ndipo madokotala amayamba ayeza kaye mmene munthuyo amakumbukirira.

Hippocampus si gwero lokhalo la vutoli. Kusagona mokwanira, nkhawa, mowa komanso mankhwala ena, monga phenobarbital, zimawonjezera kuiwala. Mukaona kuti zafika poipa, auzeni adokotala. Akhoza kusintha mlingo kapena mtundu wa mankhwala. Musasiye kumwa mwa inu nokha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa kugwa koopsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti odwala pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse angasiye kugwa atalandira chithandizo choyenera.

Lembani m'kabuku masiku omwe mwagwa, ndipo tcherani alamu pafoni yokukumbutsani nthawi ya mankhwala. Kwa inu owasamalira: munthu akangotsitsimuka amakhala wosokonezeka kwa kanthawi, choncho musamufunse zambiri. Akagwa, mugonekeni chammbali ndipo musamuike kanthu mkamwa. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala, chifukwa kukatalika kumatha kuwononga hippocampus yomweyo.