Chammwamba ndi ndiwo yabwino, koma sichichiza khansa

Ndatopa nawo uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp ndi m'maminibasi a pamsewu wa Salima, woti "asayansi apeza kuti chammwamba chimapha maselo a khansa." Ena amatchula adyo, ena tameriki, ena masamba a graviola. Amene amafika pawindo lathu la mankhwala atanyamula kabotolo ka ufa wobiriwira n'kufunsa ngati angamwe, amenewo ndimawayamikira. Amene amandisowetsa tulo ndi aja amene safika n'komwe.

Kafukufukuyo alipodi, sindikukana. Mu 1992 gulu la Paul Talalay ku Johns Hopkins ku America linapatula mankhwala otchedwa sulforaphane kuchokera mu broccoli, ndipo mankhwala a mtundu womwewo amapezekanso mu mpiru, kabichi ndi chammwamba. Koma funsani kuti maselowo anafera kuti. Nthawi zambiri amafera m'kambale ka mu labotale, mmene wasayansi amathira mankhwala oyengedwa pamwamba penipeni pa maselo. Jik nayenso amapha maselo a khansa m'kambale koteroko, ndipo palibe angamwetse mayi ake Jik. Chimene mwameza chiyenera kudutsa m'mimba ndi m'matumbo, kenako chiwindi chimachiphwanya. Curcumin wa mu tameriki amafika m'magazi wochepa zedi, wambiri amangotuluka.

Nanga kumwa wochuluka? Zinayesedwa kale. Beta-carotene, amene amapatsa mango, papaya ndi mbatata yofiira m'kati mtundu wake, ankaoneka ngati woteteza. Ku Finland anachita kafukufuku pa amuna osuta fodya oposa 29,000. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inali itakwera ndi 18 pa 100 alionse pakati pa amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene. Idyani mango mmene mungathere, koma musakhulupirire kuti chilichonse chochokera ku mbewu sichingavulaze.

Mbewu zimaperekadi mankhwala a khansa. Vincristine, amene madokotala athu amagwiritsa ntchito pa khansa ya ana yotchedwa Burkitt lymphoma, amachokera ku Madagascar periwinkle, kaduwa kapinki kapena koyera kamene kamamera m'mabwalo a nyumba zambiri kunyanja kuno. Pamafunika masamba olemera makilogalamu mazanamazana kuti apezeke galamu imodzi. Vincristine amaperekedwa kudzera mumtsempha, pa mlingo wowerengedwa molingana ndi thupi la wodwala, chifukwa ukapitirira amawononga minyewa. Musakawiritse duwa limeneli, chonde.

Pali mayi wina wa kumadoko, wogulitsa usipa, amene nkhani yake imandipwetekabe. Anayezedwa khomo la chiberekero, anamwino anaona chilonda chokayikitsa ndipo anamulembera kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Sanapite. Wogulitsa zitsamba wina anamuuza kuti kumeneko akamuchotsa chiberekero, pamene iye ali ndi mankhwala achilengedwe "osungunula chotupa." Mayiyo anagulitsa mbuzi, anamwa ufa ndi timadziti kwa miyezi yambiri. Magazi akamachuluka, wogulitsa zitsambayo ankati ndi zoipa zikutuluka. Anabwerera kuchipatala miyendo itatupa, mkodzo ukuvuta, ndipo chimene tinatha kumupatsa ndi morphine wakumwa woti ululu uchepe. Mchemwali wake anandionetsa mabotolo aja. Panalibe dzina la chimene chinali m'kati, panalibe mlingo, panali nambala ya foni basi. Ufawo mwina sunali poizoni. Chimene unamulanda ndi miyezi imene opaleshoni ikanatheka.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri padziko lonse, chonsecho kuyezetsa m'zipatala za boma n'kwaulere. Namwino amapaka viniga ndi kathonje pakhomo la chiberekero, malo amene ayamba kusintha amayera, ndipo ngati ndi aang'ono amatha kuwawotcha tsiku lomwelo. Amayi amene muli pa ma ARV, inu makamaka musadumphe kuyezetsa. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo satseka mimba monga amanenera ena.

Mukataya magazi mutagona ndi abambo kapena mutasiya kale kusamba, mukapeza kachotupa m'bere, nsima ikayamba kukakamira pakhosi, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ngati mwayamba kale chemo, mankhwala a khansa a kuchipatala, tiuzeni chilichonse chimene mukumwa kunyumba, chifukwa zitsamba zina zimasokoneza mmene chiwindi chimaphwanyira mankhwala. Ndipo ngati mukufunadi kudziteteza ndi chakudya, yambani ndi kusankha mtedza ndi chimanga. Zochita chuku zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa.